Mwafunsa, Tayankha: Columbo, wapolisi wa chijasi chokwinyika

Makalata a mwezi uno ambiri agwera pa munthu mmodzi, Lieutenant Columbo wa polisi ya ku Los Angeles, wa m'sewero lakale la pa TV la ku America lotchedwa Columbo. Ena akufuna tiweruze mikangano ya pansolo, ena disiki yawakanira. Mafunso ofanana tawaphatikiza. Chenjezo kwa amene simunaonere: m'mayankho awiri taulula mathero a magawo ena.

Tinabetcherana ndi mnzanga pansolo. Iye akuti dzina loyamba la Columbo ndi Philip, ndipo akuti anawerenga m'buku. Ine ndikuti alibe dzina loyamba. Agule chakumwa ndani? — Bambo wa ku Chilenje

Bambo, nonse awiri mwaphonya, koma anzanuwo aphonya kwambiri, choncho agule ndi iwo.

M'magawo onse palibe pamene Columbo kapena munthu wina amatchula dzina lake loyamba pakamwa. Komabe mu gawo lotchedwa Dead Weight la mu 1971, iye akutulutsa chiphaso chake cha ntchito ndipo kamera ikuchiyandikira. Mukaimitsa chithunzi pamenepo, siginecha ikuwerengeka kuti Frank Columbo. Pa TV zakale zagalasi lotukuka zija palibe amene akanawerenga zilembozo. Zinaonekera bwino anthu atayamba kuimitsa tepi ndi disiki. Olemba seweroli, Richard Levinson ndi William Link, sanafune kumupatsa dzina loyamba, ndipo zikuoneka kuti Frank analemba ndi amene anakonza chiphasocho.

Nanga Philip anachokera kuti? Anzanuwo sakunama kuti anawerenga m'buku. Munthu wina wa ku America, Fred L. Worth, analemba buku la mafunso ndi mayankho a tinthu tosiyanasiyana, ndipo anaikamo dala bodza limodzi ngati msampha wogwirira okopera ntchito yake. Bodza lake linali lomweli, lakuti Columbo ndi Philip. Opanga masewera a mafunso otchedwa Trivial Pursuit analitola n'kulisindikiza pakhadi. Mu 1984 Worth anawasumira, akufuna madola 300 miliyoni. Mlandu unamugomera: khoti linati mfundo ilibe mwini, aliyense atha kuitola m'buku la mnzake. Msampha unagwira ndithu, koma nyama sanadye, ndipo bodza lakelo likuyendabe mpaka lafika pansolo ku Chilenje.

Mwana wanga anandiikira magawo angapo. Chondidabwitsa n'chakuti wakupha amaonetsedwa poyambirira penipeni. Ndiye tikuonereranji ngati yankho talidziwa kale? — Mayi wa ku Kabwata

Mayi, apa ndiye pagona nkhani yonse. Masewero ambiri a apolisi amakufunsani kuti wapha ndani. Columbo amakufunsani kuti munthu wochenjera chotere agwidwa bwanji. Kalembedwe aka sikanayambe ndi TV; mlembi wa ku England, R. Austin Freeman, anali atakayesa kale m'nkhani zake zomwe zinatuluka m'buku mu 1912.

Gawo limayenda motere. Kwa mphindi 15 kapena 20 zoyambirira Columbo saoneka n'komwe. Mumakhala ndi wakuphayo, mukumuona akukonza chiwembu, akupha, akufufuta mapazi ake, akukonzeratu mboni zoti zidzanene kuti iye anali kwina. Kawirikawiri amakhala munthu wolemera kapena wotchuka: dokotala, loya, woimba, mkulu wa sukulu ya asilikali. Kenako pamatulukira kabambo kovala chijasi chamvula ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kakufunafuna pensulo m'matumba onse. Wakuphayo amakayang'ana kamodzi n'kugamula kuti apa palibe munthu. Kulakwa kwake koyamba n'kumeneko, ndipo kwachiwiri n'kwakuti amayamba kuthandiza pa kafukufuku. Columbo akadandaula kuti kanthu kena kakumusowetsa tulo, wakuphayo amafulumira kupereka yankho. Munthu wosalakwa akanangoti sindikudziwa. Wolakwa amakhala ndi yankho pa chilichonse, ndipo yankho lililonse limatseka khomo limodzi lothawira.

Chitsanzo chabwino ndi Any Old Port in a Storm cha mu 1973. Donald Pleasence akusewera Adrian Carsini, katswiri wa vinyo amene m'bale wake akufuna kugulitsa munda wa mpesa. Carsini akumumenya m'mutu, kumumangirira m'chipinda chosungira vinyo, kuzimitsa makina oziziritsa mpweya, n'kukwera ndege kupita ku New York. Atabwerako akupeza m'baleyo atafa, ndipo akuveka mtembowo zovala zosambirira pansi pa nyanja n'kuuponya m'madzi kuti zioneke ngati ngozi. Tinthu tiwiri tikumuvuta Columbo: m'mimba mwa womwalirayo munalibe chakudya cha masiku angapo, ndipo galimoto yake yosiyidwa pamtunda denga lili chitsegulire inalibe zizindikiro za mvula yomwe inagwa sabata imeneyo. Koma chomwe chikumugwetsa Carsini ndi lilime lake. Ali ku New York, ku Los Angeles kunatentha tsiku lina kufika madigiri 109 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 43 pa muyeso wathu. Makina ali chizimire, vinyo yense anapsa. Columbo akutenga botolo limodzi m'chipindamo mobisa, n'kukonza kuti alipereke kwa Carsini kulesitilanti. Carsini akulawa n'kukalipa kuti vinyoyu anawonongeka ndi kutentha, chinthu chomwe anthu ochepa kwambiri padziko akanachizindikira. Wadziweruza yekha. Usiku akukataya mabotolo ake kunyanja, ndipo akupeza Columbo akumudikira.

Mukamaonera, musataye maso pa mphindi zoyambazo. Cholakwa chomwe chidzamugwiritse munthuyo amakuonetsani poyera, inu osachiona. Chisangalalo chake n'chofanana ndi cha pansolo pamene mukuona kuti mnzanu wadya njomba zambiri koma wasiya dzenje limodzi poyera.

Za mawu aja akuti "just one more thing", pamene watsanzika kale n'kubwereranso pakhomo ndi kafunso kamodzi: Levinson ndi Link anafotokoza kuti anayamba mwangozi. Polemba sewero la pasiteji, chigawo china chinafupika Columbo atatuluka kale, ndipo anachita ulesi kutaipanso tsamba lonse, ndiye anangomubweza pakhomo.

Kodi diso lija ndi mbali ya sewero? — Wowerenga wa ku Mtendere

Ayi. Wosewera Columbo, Peter Falk, yemwe anabadwa pa 16 September 1927 ku New York, anachotsedwa diso lakumanja ali ndi zaka zitatu chifukwa cha khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, ndipo moyo wake wonse ankavala diso loikirira. Chijasi chija nachonso chinali chakechake, anagula yekha asanayambe seweroli. Asanakhale wazisudzo anagwirapo ntchito ya muofesi yoona za bajeti m'boma la Connecticut. Pa udindo wa Columbo anapata Emmy, mphoto yaikulu ya masewero a pa TV ku America, kanayi: 1972, 1975, 1976 ndi 1990. Anamwalira pa 23 June 2011.

Ndine makanika. Galimoto ya Columbo ndimaiona ngati Pijo 404 yomwe tinkakonza kale, koma china chake sichikugwirizana. Ndi mtundu wanji? — Makanika wa ku Garden

Diso lanu silinakunamizeni, bambo. Ndi Peugeot ndithu, koma 403, mkulu wake wa 404, ya denga lansalu lopinda, ya cha m'ma 1959. Posiyanitsa yang'anani kumbuyo: 404 ili ndi mapewa osongoka ndi mizere yowongoka, pamene 403 ndi yoburungira ngati buledi. Ya 403 inapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1966, ndipo 404 inabwera mu 1960. Injini ya petulo ya 403 ndi ya masilinda anayi, 1,468 cc. Ya 404 yomwe munazolowera ndi 1,618 cc. Magiya ndi anayi, ndodo yake ili pachiwongolero. Maonekedwe a zonse ziwiri anajambula ndi a Pininfarina a ku Italy, n'chifukwa chake zikufanana nkhope.

Chodabwitsa n'chakuti chiphakasa chomwe anthu olemera a m'seweromo amachinyoza ndi galimoto yosowa. Za denga lopinda zinapangidwa pafupifupi 2,000 zokha, kuyambira 1956 mpaka 1961. Columbo akamaumirira kuti galimoto yake ndi yachifalansa ndiponso yamtengo wapatali, aliyense amaseka, koma iye ndiye akunena zoona. Falk anaisankha yekha pakati pa magalimoto oimikidwa pabwalo la kampani ya Universal.

Poti tili pa katundu wa Columbo: galu wamakutu olendewera uja, wa mtundu wa basset hound, anayamba kuoneka mu 1972 mu Étude in Black, ndipo dzina lake ndi Dog basi, mwini wake atalephera kupeza lina.

Mkazi wake amamutchula gawo lililonse. Alipo, kapena ndi bodza lonyengerera nalo zigawenga? Mlamu wanga akuti anamuonapo. — Mayi wa ku Matero

M'magawo a Columbo mkaziyo saoneka nkhope ngakhale kamodzi. Kuti alipo, alipo: mu Troubled Waters ya mu 1975, yochitikira m'sitima yapamadzi, anthu ogwira ntchito m'sitimamo amanena kuti amuona. Chomwe sitingakhulupirire ndi zonse zimene Columbo amanena za iye, chifukwa mkaziyo amapezeka kuti ndi wokonda kwambiri ntchito ya munthu aliyense amene mwamuna wake akumukayikira.

Alamu anu mwina anaona chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mu 1979 a wailesi ya kanema ya NBC anayambitsa sewero lina lotchedwa Mrs. Columbo, momwe Kate Mulgrew ankasewera mkazi wa wapolisiyu. Levinson, Link ndi Falk sanagwirizane nalo, oonera sanalikonde, linasinthidwa dzina kangapo, dzina la Columbo n'kuchotsedwamo, ndipo linafa lisanapite patali. Mulgrew anali ndi zaka za m'ma 20 panthawiyo, wamng'ono kwambiri kuti akhale mayi amene Columbo wakhala akumutchula kuyambira 1968. Chachiwiri, mkazi weniweni wa Falk, Shera Danese, amene anakwatirana naye mu 1977, anasewera m'magawo asanu ndi limodzi, koma pa maudindo ena, osati ngati mkazi wa Columbo.

Magawo onse alipo angati, ndipo n'zoona kuti Steven Spielberg ndiye anayambitsa? — Mnyamata wa ku Kalingalinga

Alipo 69. Awiri oyesera, Prescription: Murder wa 1968 ndi Ransom for a Dead Man wa 1971, kenako 43 pa NBC kuyambira 1971 mpaka 1978, kenako, patadutsa zaka zoposa khumi, 24 pa ABC kuyambira 1989 mpaka 2003. Nambalayi ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zake chifukwa Columbo sankaonetsedwa sabata iliyonse. Ankasinthana malo ndi masewero ena monga McCloud ndi McMillan & Wife, ndipo gawo lililonse linali lotalika ngati filimu.

Spielberg sanayambitse. Anatsogolera kujambula gawo limodzi lokha, Murder by the Book, ali ndi zaka 24, ndipo ndilo linayamba kuonetsedwa pa 15 September 1971, ngakhale loyamba kujambulidwa linali Death Lends a Hand. Analemba Murder by the Book ndi Steven Bochco, amene pambuyo pake anadzapanga Hill Street Blues. Ndiponso Falk si woyamba kukhala Columbo. Bert Freed anasewera udindowu pa TV mu 1960, Thomas Mitchell pasiteji mu 1962. Olemba ankafuna bambo wachikulire, ndipo woimba Bing Crosby anapatsidwa mwayi n'kukana.

Mukafuna poyambira, yambani ndi a m'ma 1970. Ena a pa ABC ndi abwino, koma ambiri anawakoka kuti adzaze maola awiri, ndipo mumamva kuti ndiwo zathiridwa madzi.

Nkhope zina za opha anthu zimabwerezedwa. Kodi ndi munthu yemweyo watuluka m'ndende? — Wowerenga wa ku Chawama

Wosewera ndi yemweyo, koma munthu wa m'nkhani ndi wina. Patrick McGoohan anapha kanayi, mu 1974, 1975, 1990 ndi 1998, ndipo awiri mwa magawowo anamupatsa Emmy. Jack Cassidy anapha katatu, Robert Culp katatu, William Shatner kawiri. Leonard Nimoy ali mu A Stitch in Crime ya 1973 ngati dokotala wa opaleshoni ya mtima amene akusoka mnzake ndi ulusi wosungunuka kuti adzafe patapita masiku. Ndi limodzi mwa magawo ochepa momwe Columbo amapsa mtima poyera n'kumenyetsa chinthu patebulo. Okonda nyimbo za country afunefune Swan Song ya 1974: Johnny Cash akusewera woimba nyimbo zauzimu amene akugonetsa mkazi wake ndi mankhwala m'kandege, iye n'kudumpha ndi parachuti.

Ndikuphunzira zamalamulo. Umboni wa Columbo ungaime m'khoti kuno ku Zambia? Nanga udindo wa lieutenant ndi wofanana ndi uti kwathu? — Wophunzira wa ku Kamwala

Tiyambe ndi chophweka. Polisi ya Zambia ilibe lieutenant. Kuno umenewo ndi udindo wa asilikali. Ku Los Angeles lieutenant ali pamwamba pa sajeni, pansi pa kaputeni, choncho mongoyerekeza ali m'gulu la mainsipekitala, ndipo ntchito yake kuno ikanakhala ya a CID. Kunena zoona, munthu wa udindo umenewo amayang'anira ofufuza anzake ali muofesi, sayenda yekha khomo ndi khomo. Sakanaloledwanso kuzemba mayeso owombera mfuti monga amachitira mu Forgotten Lady ya 1975, momwe akutuma mnzake kukamuwomberera.

Za umboni, magawo amasiyana kwambiri. Wolimba kuposa onse, m'kuona kwathu, uli mu Suitable for Framing ya 1971. Dale Kingston wapha amalume ake n'kuba zithunzi ziwiri za Degas, wojambula wotchuka wa ku France. Columbo, ali kunyumba kwa Kingston, akupisa dzanja m'chikwama momwe muli zithunzizo asanaletsedwe. Pambuyo pake Kingston akukazibisa kunyumba kwa mkazi wakale wa amalume akewo kuti mlandu umugwere. Apolisi akupeza zidindo za zala pazithunzizo, ndipo ndi za Columbo, kusonyeza kuti zinali m'manja mwa Kingston chiphedwere munthu. Kingston akukuwa kuti wazigwira pompano. Columbo akutulutsa manja m'matumba: wavala magolovesi. Loya aliyense angatuluke thukuta pamenepo. Koma Murder by the Book, ngakhale ndi yotchuka, imathera pa kapepala kolembedwa kalekale kofotokoza chiwembu chofanana. Wakuphayo akanangotseka pakamwa, akanapita kwawo.

Apa ndiye pali kusiyana kwa malamulo. Ku America, kuyambira mlandu wa Mapp v. Ohio wa 1961, umboni wotengedwa posecha mosatsata lamulo umatayidwa, choncho botolo la vinyo lomwe Columbo anatenga mobisa likanabweretsa mkangano waukulu. Kuno Khoti Lalikulu Kwambiri, pa mlandu wa Liswaniso v The People wa 1976, linagamula kuti umboni wa chinthu chogwirika umalandiridwa ngati ukukhudza mlanduwo, ngakhale unapezeka m'njira yolakwika. Botolo likanalowa. Chomwe chikanavuta ndi kuvomera kwapakamwa kumene magawo ambiri amathera. Wapolisi akatsimikiza zomuimba munthu mlandu ayenera kumuchenjeza kaye kuti sakukakamizidwa kulankhula, ndipo woimbidwa mlandu akanena kuti sanavomere mwakufuna kwake, khoti limaimitsa mlandu waukulu n'kuzenga kaye kamlandu kofufuza mmene mawuwo anatengedwera. Kumbukiraninso kuti mlandu wakupha kuno umazengedwa ku High Court pamaso pa jaji, popanda gulu la anthu wamba loweruza monga ku California. Jaji sakomedwa ndi magolovesi. Amafuna kudziwa kuti zithunzizo anasunga ndani kuchokera pomwe zinapezeka mpaka kufika kwa katswiri wa zidindo.

M'bale wanga ananditumizira madisiki a Columbo kuchokera kunja. Ena akukana kuwerenga, ena anthu akuoneka onenepa, ndipo pafulashi chithunzi chilipo koma mawu palibe. Ndichite chiyani? — Bambo wa ku Kanyama

Awa ndi mavuto atatu osiyana, ndipo disiki mwina ilibe mlandu.

Lokana kuwerenga: tembenuzani chikuto muone kachizindikiro ka dziko lapansi kokhala ndi nambala. Nambala 1 ndi ya America ndi Canada, 2 ndi ya ku Ulaya ndi South Africa, pamene Zambia ili m'chigawo 5. Makina okhomedwa pa chigawo chimodzi amakana zina zonse. Makina ambiri otchipa a m'mashopu a ku Kamwala amawerenga zigawo zonse. Odula a mayina otchuka ndiwo amakonda kukana. Pogula, nyamulani disiki yovutayo mukaiyese pomwepo. Pakompyuta samalani: imakufunsani ngati mukufuna kusintha chigawo, koma imalola kasanu kokha, kenako imakhomeka pa chomaliza. Pulogalamu ya VLC nthawi zambiri imatsegula disiki osasintha chigawo.

Disiki ya ku America ikawerenga koma chithunzi n'kutuluka chopanda mitundu kapena chikugudubuzika, vuto ndi lakuti iyo ndi NTSC pamene TV zakale za kuno ndi PAL. Lowani pa setup ya makinawo, pezani TV system, sankhani PAL kapena Auto. Mukaona kuti gawo la pa disiki ya ku Ulaya ndi lalifupi, mphindi 71 m'malo mwa 74, sanadule kanthu. Filimu inajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, PAL imathamangitsa pa 25, ndiye zonse zimafulumira ndi 4 peresenti ndipo mawu a Falk amakwera pang'ono.

Anthu onenepa: magawo a m'ma 1970 anapangidwira TV ya 4:3, yotsala pang'ono kukhala sikweya. TV yanu yafulati ikukoka chithunzicho kuti chidzaze 16:9. Palimoti pezani batani la Aspect kapena P.Size musankhe 4:3. Mizere yakuda kumanzere ndi kumanja ndi yoyenera kukhalapo. Musasankhe Zoom, chifukwa imadula pamwamba ndi pansi, ndipo pansi ndi pomwe pamakhala manja, mapazi ndi tinthu tapatebulo tomwe Columbo akuyang'ana.

Mawu osowa pafulashi: TV zambiri zotchipa zimawerenga chithunzi koma sizidziwa mawu a mtundu wa AC3 kapena DTS omwe amachokera pa disiki. Sinthani fayiloyo pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake, musankhe MP4, chithunzi H.264, mawu AAC. Fayilo ikakana kulowa pafulashi malo alipo, ndiye kuti fulashiyo ndi ya FAT32, yomwe silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Gawo losinthidwa bwino silifika n'komwe pamenepo. Ndipo mawu akamatuluka sipika yapakati yokha pa makina a masipika asanu, musaitane wokonza: magawo akalewo anajambulidwa ndi njira imodzi ya mawu, choncho ingosankhani Stereo kuti amveke mbali zonse ziwiri.